Tsamba Lachinayi la a Yarema

Ndatha zaka makumi atatu ndikugwira ntchito yopachika majasi a anthu pa sukulu ya nyimbo kuno ku Kolomyia, ndipo palibe amene anandipsetsapo mtima ngati a Yarema Pylypovych.

Anabadwira kuseri kwa msika, mwana wa osoka nsapato. Vayolini anakaphunzira ku Lviv, n'kubwerera kuno kudzaphunzitsa. Mwana akangogunditsa uta pa zingwe, iwo: "Ima! Chigongono!" Ana ankatuluka akulira, wowapukuta mamina n'kukhala ine. Komabe ankasanduka akatswiri, ukatswiriwo n'kuwanyamulira ku Vienna ndi ku Krakow.

Akazi awo, a Orysia, atamwalira, a Yarema anapeka nyimbo yowakumbukira ya mavayolini anayi, masamba khumi ndi limodzi. Sanaimvepo ikuimbidwa. Akasula ophunzira atatu oti angaikwanitse, wachinayi asanakhwime, woyamba uja wakwera sitima. Zinayenda choncho zaka khumi ndi zisanu.

Chaka chatha adokotala anati makutu awo akutseka, chirimwe chikubwerachi mwina sadzamvanso. Zinandiwawa. Ndinalembera ophunzira awo akale ndekha, ndipo anayi anavomera kubwera Lamulungu limodzi lokha. Wowatsogolera anali Darka wa ku Vienna, mayi wa ana atatu tsopano. Sitima yawo yobwerera inali ya faifi koloko.

Ndinawachenjezeratu akuluwo. "A Yarema Pylypovych, nyimbo yonseyi ndi mphindi makumi awiri. Lero mukhale pansi, pakamwapo mutseke."

"Mayi Stefa, mukundiyesa mwana ine?"

Anayamba cha m'ma thuu koloko. Mzere woyamba usanathe, akuluwo dzambatu!

"Imani! Darka, phewa limenelo anakuphunzitsa ndani? Ku Vienna amawombera m'manja zimenezi?"

"Pepani, aphunzitsi," anatero Darka, n'kuyambiranso.

Chondinyansa n'chimenecho. Anthu akuluakulu, ena imvi zili mbuu, koma pamaso pa mphunzitsi wawo palibe anayerekeza kunena kuti ayi. Anayambiranso, anayambiranso. Ndinatsokomola dala, ndinaloza wotchi, ndinagwetsa ngakhale makiyi. Iwo kalikiliki ndi pensulo, kukonza chala cha uyu, dzanja la uyo.

Hafu pasiti folo ndinalowa nditasenza majasi anayi. Anali kumapeto kwa tsamba lachitatu. Darka anawapsompsona akuluwo patsaya akulira, onse n'kuthamangira kusiteshoni.

Ndinaphulika. "Mwakhutira? Zaka zonsezi! Mukanangowasiya aimbe!"

A Yarema anatembenuza pepala, n'kuika chala pamwamba pa tsamba lachinayi.

"Orysia amalowa apa," anatero chapansipansi. "Ndimafuna akamalowa apeze zonse zili m'malo mwake."

Tsopano makutu aja anatsekeratu. Amabwerabe Lachiwiri lililonse, amandipatsa jasi, n'kukakhala kumbuyo kwa kalasi. Mwana akakweza chigongono ndimamva ndili panja pano: "Ima!"