Dzina Lachiwiri pa Pepala la Nyumba

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa athu amene machimo anga ena onse amawadziwa. Ndi ya tsiku limene ndinanyamuka kukagulitsa nyumba ya ku Chelstone.

Nyumbayo anagula ndi mkulu wanga Yohane. Atamwalira, abale tinachita zimene ambiri ankachita masiku amenewo: tinagawana mipando, wailesi ndi mbale. Ine ndinatenga makiyi ndi pepala la nyumba, ndipo mlamu wanga Esinati anachoka ndi ana awiri ndi mtolo wa zovala. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga. Sukulu ndinaiyamba imvi zitamera kale. Nditayamba kulumikiza zilembo, ndinatulutsa pepala lija kuti ndiyese nzeru zanga zatsopano. Ndinapeza maina awiri: la Yohane, ndipo pansi pake la Esinati. Ndinalipinda msanga n'kulibwezera m'sutikesi.

Nditapuma pa ntchito ya umesenjala, ndinafuna kubwerera kwathu ku Katete. Wogula anapezeka, mphunzitsi wina wa ku Woodlands, koma anati zonse zidutse kwa loya.

Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa, ndinali kale pamzere wa basi. Bambo wina wa Chipani ankawongola mzerewo ndi kandodo.

"Ba mudala, kadi?"

Kadi ya Chipani ndinali nayo, yosapindika n'komwe. Pa zinthu zooneka ndinali munthu wolungama kwambiri.

Basi ya boma inabwera ikutsokomola, ndipo ndinalipira mangwee makumi atatu. Mayi amene ndinakhala naye anayang'ana jekete langa, kenako nsapato zanga zopolisha.

"Muyenda ku malilo olo ku koti?"

"Kwa loya, amayi."

"Ni vimozi-mozi," anatero, n'kundisunthira pang'ono ngati munthu wodwala.

Tikulowa m'tauni, wina anakuwa kuti pasitolo ina pafika mafuta ophikira. Theka la basi linatsika, ndi mayi uja yemwe.

Ofesi ya loya inali pamwamba, mu Cairo Road. Ndinakwera masitepe ndikudzilimbitsa mtima. Zaka zonse za umesenjala ndinaona mabwana akusaina mapepala osawawerenga, ndipo ndinkati uyunso adzatero. Koma loyayo, wamsinkhu wa mwana wanga, wa tayi yotakata ngati tsamba la nthochi, anatulutsa rula. Ankaiika pansi pa mzere uliwonse n'kuwerenga mokweza, ngati mwana wa giredi wanu, woyamba kumene sukulu.

"Ba Yohane Banda?"

"Anamwalila."

Rula inatsika.

"Ba Esinati Banda?"

Ndinayang'ana chithunzi cha Mtsogoleri pakhoma, koma sanandithandize.

"Bali moyo?" anafunsa loya. "Ngati banafa, muleta pepala ya imfa. Ngati bali moyo, muleta beve."

Bodza ndinali nditalikonza kuchokera ku Chelstone, linali pa lilime. Koma kulanda munthu nyumba ndi kwina, kumuika m'manda ali moyo ndi kwinanso.

"Ali moyo," ndinatero. "Agulitsa pa maliketi ku Kabwata."

Apo anandifotokozera kuti maina akalembedwa pamodzi chotero, mmodzi akamwalira nyumba yonse imakhala ya wotsalayo. Kenako anatsitsa rula pang'onopang'ono mpaka pansi pa pepala, akufunafuna.

"Imwe simulimo. Mwankalamo zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi."

"Ba landilodi banu bali na mutima wabwino maningi."

Ndinatsika masitepe pafupifupi leveni koloko. Basi ya ku Chelstone inali kumanzere. Miyendo inalowera kumanja. Ndinadumpha njanji n'kulowa mu Kamwala, kumene anthu a mawilibala amakuuza kuti upatuke atakugunda kale. Ndinaima pa sitolo ya nsalu, ndikuganiza zogulira mlamu wanga chitenje chopepesera. Wogulitsa anachitambasula, chokongola ndithu, koma ndinaona kuti n'chaching'ono, sichingaphimbe nyumba ya zipinda zinayi. Ndinachisiya, n'kupitiriza ulendo.

Ku Kabwata ndinafika dzuwa lili paliwombo. Esinati ndinamupeza akuunjika tomato. Anali atakalamba, koma maso anali omwe aja.

"Iyee, ba mulamu! Mwabwela kutenga chani? Mbale zinasila."

Amayi a m'mbali mwake anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinavula chipewa, n'kutulutsa pepala lija.

"Mulamu, pano pali dzina lanu."

Sanaliyang'ane n'komwe.

"Niziba. Si ndine ninadinda chala kwa loya, na Yohane pambali?"

"Nanga munakhaliranji chete zaka zonsezi?"

"Mwenze bamuna eyiti, ine nenze na bana babili na misozi. Nenze kuziba chabe kuti siku imozi pepala izamitumani kuli ine." Anaika tomato wina pamwamba pa mulu. "Si ndimwe mesenjala?"

Ndinayembekezera kutukwanidwa, ndipo kukanandipepukira. Koma iye anangofunsa ngati mango amene anabzala kuseri kwa khitchini amabereka. Ndinati amabereka kwambiri.

"Yanzuna?"

"Otsekemera, mulamu."

"Ine sininalabeko."

Pobwerera ndinaima njira yonse m'basi, ndipo sindinadandaule. Aphunzitsi a kusukulu anandiphunzitsa kuwerenga, koma kuwerenga mpaka pansi pa pepala inandiphunzitsa ndi rula ya loya. Ku Katete ndinali woti ndibwerere ndi sutikesi yokha, monga momwe ndinachokera kumeneko.

M'mawa mwake ndinasesa zipinda zonse zinayi. Ndinathyola mango akupsa n'kudzaza dengu, pamwamba pake ndinaika pepala ndi makiyi, ndipo ndinakaima pamzere wa basi. Mesenjala anali atachedwa zaka khumi ndi chimodzi, koma kalata anakaifikitsa.