Nambala 7 ya apongozi anga

Chaka chimene ndinkagwira ntchito ku kabungwe kena kogawa mbewu ku Cuamba, ndinalemba kapulogalamu kosankha kuti mlimi uyu alandire chiyani. Mbewu iliyonse ndinaipatsa nambala: chimanga 1, fodya 2, chinangwa 4. Wolima zingapo, manambalawo aphatikizidwe. Ndiye ndinaika switch, kachigawo ka pulogalamu kamene kamaona nambala n'kusankha njira imodzi: 1 apite uku, 2 uku, 4 uko, ina iliyonse ndiye kuti munthuyo salima. Ndinayesa ndi alimi atatu opeka, aliyense wa mbewu imodzi. Zinayenda bwino moti ndinadzipatsa moni ndekha.

Ku Ngauma, kumene mbewuzo zinkapita, kulibe munthu wolima mbewu imodzi. Ndikulumbira, ngakhale nkhuku zakumeneko zili ndi dimba lapadera.

Lachitatu apongozi anga aamuna anaimba foni. Iwo amalima zonse zitatu, nambala yawo 7.

"Bambo, akuti pandandanda ine palibe. Makina anu akuti sindilima."

"Aphonya pang'ono, bambo."

"Ndiye matuza ali m'manja mwangamu ndawabwereka kwa yani?"

Lole ya mbewu inali yonyamuka Lachisanu, mitambo itayamba kale kuda cha ku Mandimba. Mpando unandiotcha. Ndinazungulira muofesimo mpaka simenti inakumbika kanjira, ndipo mpaka lero pokolopa madzi amatsata momwemo.

Ndinasintha funso. M'malo mwa "kodi ndi 1?" lizikhala "kodi m'nambalamu muli 1?", poika kachizindikiro ka &. Dzina la apongozi linatuluka, koma pa chimanga chokha, chifukwa switch ikapeza yankho loyamba imagunda break, mawu oiuza kuti ilekere pomwepo, n'kutuluka ngati mlendo wokhuta. Ndinafufuta ma break onse. Pamenepo aliyense wa chimanga anasefukira m'mizere yapansi, mayi wina wa ku Mitande amene fodya amangomumva kununkhira n'kupatsidwa mbewu yake.

"Kodi zatha?" anafunsa a shefe, abwana athu.

"Zatsala pang'ono, tsopano aliyense akulima zonse."

Lachinayi masana ndinagonja. Switch ndinaichotsa, n'kulemba mafunso atatu oima paokha, lililonse ndi if yake, mawu otanthauza "ngati". Apongozi anatuluka katatu.

Ndinakwera lole yomweyo kuti ndikaone ndi maso. Apongozi analandira chimanga, fodya ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa, n'kuyang'ana kumwamba.

"Igwa mawa imeneyi. Mubwerera Lolemba, bambo. Khasu lili kuseri."