Matabwa a Bokosi Langa

Chotupa changa chinayamba ngati kanyemba kunsi kwa bere lamanzere. Pomwe chimafika ngati dzira la nkhuku, mudzi wathu ku Kaseye unali utandiika kale m'manda. Wotsogolera anali mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga, yemwe diso lake silinachokepo pa munda wanga wa kudambo. Anazungulira makomo pa njinga kulengeza kuti ndi khansa ndipo sindiona chimanga chatsopano. Udokotalawo anauphunzira kuti, kaya, munthu woti kubaya nkhumba jakisoni amachita kuitana anzake.

A chipatala cha pa Boma ananditumiza ku Mzuzu. Kumeneko anadula kanyama n'kukapima. Adokotala anandifotokozera kuti zotupa zili mitundu iwiri: china chimangokulira pamalo amodzi, china chimayala mizu n'kufalikira m'thupi, ndiye khansayo. Akuti nayonso ukaifulumirira imatha kugonja. Changa chinali chokulira pamalo amodzi. Anachichotsa, n'kundisoka.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza chitsa pamene panali mtengo wa malaina umene amuna anga anabzala chaka chomwe tinakwatirana. Mlamu anaugwetsa n'kuchekesa matabwa, akuti a bokosi langa, maliro asadzavute. Kumunda anali atakhoma kale zikhomo za malire ake. Mtengowo ndinaulira kuposa bala, ndipo misozi itauma mtima wanga unamusungira chakukhosi chomwe sindifuna kuti chichoke.

Mlamuyo anabwera m'mawa mwake, chipewa m'manja, n'kundilonjera m'chinenero chakwathu.

"Mwaghona, mulamu. Ise timangothandiza."

"Mwathandizadi, alamu. Zikhomo mukazule, matabwawo mubweretse."

Anawatuta yekha pa njinga yomwe ija, anthu akuonerera. Ena anati matabwawo ndipangire chitseko, amayi a kutchalitchi anati ndikhululuke n'kumusiyira. Ine ndinawasanjika pa mitanda ya denga pabalaza, pamwamba penipeni pa mpando wa alendo. Chaka chilichonse ndimawatsitsa n'kuwapaka oilo wakuda kuti chiswe chisawalawe.

Akabwera ndimamukhazika pampando pomwepo, n'kumuthirira tiyi wa shuga wambiri. Amamwa maso ali kudenga, ine mtima uli mbee. Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa kuti matabwawo ndikuwasungiranji, poti ndinachira.

"Munayeza molakwika, alamu," ndinatero ndikumuwonjezera tiyi. "Ine ndine wamfupi. Amenewa ndi a msinkhu wanu."