Chipinda Chimene Anandimangira ku Kanyama

Chaka chimene kampani inachotsa atate ntchito, ine ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Tinkakhala ku Kanyama m'nyumba ya njerwa zosawotcha, ndipo ndinkagona chipinda chimodzi ndi achemwali anga aakulu. Iwo anali atasiya sukulu. Ankasoka timadiresi ta ana pa makina a m'manja n'kumakagulitsa kumsika.

Atate anati mwana wa sekondale afunika chipinda chakechake. Simenti inali itasowa m'masitolo, ndipo imene anaipeza inali yosakwanira. Mnzawo wina woumba mabuloko anawalangiza kuti aonjezeremo phulusa la zitsononkho losefa bwino, komanso ulusi wa masaka a ufa wodula timizeremizere, kuti mabuloko asamang'aluke.

Kusefa phulusa ndi kumasula masaka kunagwera achemwali. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, phulusa lili mbuu m'tsitsi, zala zitachekekachekeka. M'mawa ankatunganso madzi othirira mabuloko kuti akhwime. Ndikayandikira ankandibweza m'chinyanja cha m'tauni: "Iwe yenda ukawerenge, ivi ni vathu." Ine ndinkapitadi, chifukwa atate anali atalamula choncho.

Chipinda chinatha mvula isanayambe, ndipo ndinalowamo ndekha ndi mabuku anga.

Ku Kanyama pansi ndi pathanthwe, madzi salowa. Mvula itachuluka, madziwo anadzaza pabwalo n'kukhala pomwepo osaphwa. Tsiku lina masana ndikuchokera kusukulu, ndinapeza khoma la chipinda chakale litagwera m'kati. Achemwali anali atapita kumsika, koma makina awo anaphwanyika, nsalu zonse zili m'matope. Changa chinali chilili, chopanda ndi mng'alu womwe.

Anansi ankabwera kudzagogoda khoma langa, akuyamikira atate. Ine ndinaima pambali, yunifolomu ili yoyera, ndikuona achemwali akukumba matope ndi manja. Chakudya sichinandilowe tsiku limenelo.

Makina ena sanapezeke. Patapita nthawi achemwali anayamba ntchito ya m'nyumba kumayadi, ndipo ankangobwera Lamlungu. Koma asanapeze ntchitoyo anasamukira m'chipinda changa. Anafika ndi kachikwama, naima pakhomo ngati mlendo.

"Ningapachike diresi langa pa msomali uyu?" anandifunsa.

"Ba sisi, chipinda n'chanu," ndinatero, maso ali pansi.

Anaseka pang'ono, n'kuyala mphasa yawo pafupi ndi chitseko kuti asandisokoneze powerenga.