Jekeseni wa Galu Wanga

Dzulo kuchipatala ku Sinda nesi anandipukuta pamkono ndi sipiliti. Fungolo linandibwezera kutali.

Ndili mwana, mphunzitsi wina anali ndi kanema woyendera batire la galimoto. Ife tinkaonerera pawindo. Tsiku lina panali katuni ya bambo wa jasi loyera ndi magalasi, mabotolo ake akufuka utsi. Anabaya kagalu jekeseni. Kagaluko kanafufuma, kanafika ngati ng'ombe, n'kudya mwini wake.

Pasanapite nthawi kumudzi kunabwera munthu pa njinga yamoto. Nayenso anali ndi jasi loyera, magalasi ndi bokosi la mabotolo. Anati wabweretsa katemera wa chiwewe, ndipo galu wosabayidwa adzawomberedwa.

Wanga ndinamubisa m'nkhokwe. Chitsirucho chinauwa.

"Iwe, kam'tulutse msanga," anatero atate.

"Atate, am'sandutsa chilombo. Ndinaona ndi maso angawa."

"Unaona kuti?"

"Pa kanema wa aphunzitsi."

Wajasiyo anaseka. Wa m'katuni uja nayenso ankaseka choncho asanabaye.

Atate anam'pana galuyo pakati pa miyendo. Wajasi anapukuta singano ndi sipiliti, anabaya, n'kum'paka utoto wofiira pachipumi kusonyeza kuti zatheka.

Ine ndinatola mpini wa khasu n'kukaima pafupi ndi khola. Maso anga anali pamsana pa galuyo, kudikira kuti ayambe kufufuma. Atate atam'siya, anathamangira kwa ine akugwedeza mchira, monga ankachitira ndikamabwera kusukulu.

Ndinabwerera m'mbuyo, mpini uli m'mwamba.