Kasikuluwu ka M'nkhama

Ndinaikitsa mawaya m'mano ndili kale ndi ana awiri. Kuti mano anga otuluka abwerere m'mbuyo, dokotala wa ku Kabulonga anandimanga kasikuluwu m'nkhama kokokerapo mawayawo. Koyamba kanagwedera mpaka kuzuka. Ataika kachiwiri anati, "Ba mayo, apa tizaunikapo na leza, kapena kazagwila."

Ndiye ndinkakwera minibasi kuchokera ku Chelstone kukangoyasama pampando, kuwala kofiira kwa makina a lezawo kukuunika nkhama zanga, osamva kuwawa ngakhale pang'ono. Tsiku lina dokotala anayesa kugwedeza kasikuluwu kaja ndi kachitsulo, koma kanangoti nji!

"Kagwila!" anatero.

Ndinatuluka ndikuseka ndekha. Mu minibasi ndinayasamira mayi wina wosamudziwa n'komwe kuti aone, iye n'kukodola kondakitala kuti nayenso adzaone.