Mnyamata Wonyambita Zala

Loweruka limenelo Lamont Gaddis anatuluka m'bwalo la mpira la koleji ya Yalobee anthu akumukuwiza ngati wakuba wogwidwa pamsika.

Omukuwizawo sanali alendo ayi. Anali anthu akwawo omwe, ovala malaya a timu yake, ena nambala yake ikadali pamasaya, yolembedwa ndi penti m'mawa womwewo. Mayi wina, amene Lamlungu lililonse amatsogolera kwaya ndi mawu onga a mngelo, anamugenda ndi kapu ya pepala n'kumutchula dzina limene sindingalembe pano.

Inu amene mwabwera kudzafuna mawu olimbikitsa, khalani bwino, chifukwa nkhani iyi matope ndi ambiri kuposa msewu.

Kuno ku Mississippi tili ndi zipembedzo ziwiri, cha Lamlungu ndi cha Loweruka. Cha Loweruka ndi mpira wa makoleji, uja wogwira ndi manja, ndipo kumeneko chikhululukiro cha machimo kulibe. Lamont anali kwotabaki, munthu amene amalandira mpira poyamba n'kuchita chimodzi mwa ziwiri: kuuponya kutsogolo kwa mnzake, kapena kuupereka m'manja mwa wothamanga kuti aboole nawo khoma la adani. Timu ikapambana, kwotabaki ndi mfumu. Ikagonja, ndi mfiti.

Chaka chimenecho Lamont anali mfiti. Mpira uliwonse umene anaponya unkapeza mdani ataima kale pamalopo, manja ali tambasu, ngati anachita kupangana.

Mnyamatayu anali wamasiye. Mayi ake sanawadziwe. Bambo ake, a Roosevelt Gaddis, ankasenda milamba ku fakitale ya nsomba mpaka tsiku limene mtima unawaimira pantchito pompo, mpeni uli m'manja. Sanasiye nyumba, sanasiye galimoto. Chimene anasiya ndi mawu amene ankanena akamaponyerana mpira ndi mwana wawo kuseri kwa nyumba ya lendi: "Nyowetsa zala, mwana wanga, usakuterereke." Kuyambira pamenepo Lamont sankaponya mpira asananyambite zala. Chinali chuma chake chokha cha masiye.

Anamulera ndi azakhali ake, a Earline, mlongo wa malemuwo, mayi wamkamwa mwakuthwa koma wam'manja mofewa.

Lolemba m'mawa Kochi Varnado, mphunzitsi wa timuyo, anamuitana mu ofesi. Sanamuuze n'komwe kuti akhale pansi.

"Gaddis, masewero atsala ndi amodzi. Mkono uli nawo, sindikukana. Koma mkono umene ukudyetsa adani ine ndiutani?"

"Ndiyesetsa, Kochi."

"Kuyesetsa n'kwa kutchalitchi. Loweruka likubwerali ukawapatsanso mpira, jezi imeneyo ndipatsa wina. Ndipo ukudziwa wekha kuti sukulu yako pano imalipidwa ndi jeziyo."

Lamont ankadziwa. Jezi ikapita, sukulu yapita, ndipo chotsala ndi mpeni wa bambo ake ku fakitale ya milamba, kumene fungo limakulowa m'khungu mpaka agalu amakutsatira pobwerera kunyumba.

Anaganiza zosadikira kuchotsedwa. Analongedza chikwama, nayendetsa kagalimoto kake kachikale kudutsa minda ya thonje lokolola kale, ulendo wa kwa azakhali. Anawapeza akukazinga mlamba, wailesi ili pakhonde la zenera.

"Wabwera ndi chikwama," anatero mayiwo osatembenuka. "Zochapa kapena zothawa?"

"Ndatopa, azakhali. Anthu akundida tauni yonse."

"Tauni yonse? Ine anandifunsa? Khala pansi udye. Walira mvula walira matope. Unkafuna anthu azikuimbira m'manja, wayiwala kuti manja omwewo amagendanso."

Tsono Lolemba lililonse masana wailesi yathu imakhala ndi pologalamu imene masapota amaimba foni kudzaweruza osewera. Kochi analetsa anyamata ake kumvera, ndipo Lamont anali womvera malamulo. Koma m'khichini mwa a Earline malamulo a Kochi sagwira ntchito.

Mfumu ya oimba foni anali Cleophus Tubbs, wometa tsitsi, bambo wa mimba yotsogola amene chibadwire sanathamangepo ngakhale pothawa mvula. Mpira ankaudziwa ngati mmene mbuzi imadziwira Baibulo: kuutafuna kokha.

"Achimwene oulutsa," anayamba Cleophus, "ine lero sindikalipa, ndabwera ndi chifundo. Mwana wa Gaddis uja mumupatse chakudya. Ali ndi njala mnyamatayo! Munthu ali pakati pa bwalo, anthu tatentha mitima, iye ali kalikiliki kunyambita zala ngati ali pa nthiti za nkhumba zootcha."

Woulutsa anaseka mpaka kutsokomola.

"Musaseke, ndi malodza amenewo! Ine ndikangoona wanyambita, ndimatseka maso, chifukwa ndimadziwa kuti maliro afika. Akapanda kunyambita timapumako. Mumumange pakamwa, kapena mumutumize akasende nsomba kumene kunyambita kuli ndi phindu."

Lamont anaimirira, mpando n'kugwa. Zonse anali atazipirira, koma apa munthu anaponda manda a bambo ake.

"Ndikupita kushopu kwakeko. Akandiuze pamaso."

"Ukamumenye kuti mawa aimbenso foni ali ndi nkhani yatsopano?" anatero a Earline, akupukuta misozi ya kuseka. "Cleophus ndi chitsiru, ndinaphunzira naye. Koma chitsiru maso chili nawo. Dzutsa mpando wangawo."

Anadzutsa mpando. Anakhala. Mlamba unazizira m'mbale iye akungoyang'ana zala zake. Mawu amodzi okha ndiwo ankabwerera m'mutu: akapanda kunyambita timapumako.

Madzulo asanafike anabweza chikwama m'galimoto.

M'mawa mwake analowa m'chipinda choonera kanema wa masewero. Kanemayu anali atamuonera kambirimbiri ndi aphunzitsi ake, koma onse ankayang'ana mpira ukachoka m'manja: phazi laponda pati, mkono wakwera bwanji, maso apenya kuti. Tsiku limeneli Lamont anayang'ana nthawi imene palibe amaiyang'ana, pamene anyamata angowerama pamzere mpira usanayambe.

Anadziona akunyambita zala. Kenako anaponya. Anadzionanso manja ali pa mawondo, osanyambita. Kenako anapereka kwa wothamanga. Anaika masewero ena, n'chimodzimodzi. Ena, n'chimodzimodzi. Ndipo kumbuyo kwa adani anaona mnyamata wina akumuyang'ana pakamwa, n'kukodola anzake ndi dzanja kuti abwerere m'mbuyo akadikire mpira.

Chaka chonse Lamont ankalengeza yekha zimene akufuna kuchita. Adani analibe nzeru zoposa zake. Ankangowerenga lilime.

Cleophus ankati ndi malodza. Sankadziwa n'komwe kuti wanena chiyani.

Mungaganize kuti apa nkhani yatha, mnyamata waleka kunyambita, tonse tikaimbe aleluya. Ayi ndithu. Kuona matenda si kuchira.

Atauza Kochi, bamboyo anagwira mutu nati, "Ndiye leka, basi." Pokonzekera masana amenewo Lamont analeka. Mpira unamupulumuka. Wina unagwera pamapazi pake, wina unakamenya chidebe cha madzi. Dzanja linkakwera lokha kupita kukamwa, iye n'kulibweza, ndipo akalibweza mtima unkamuuza kuti wakana bambo ake pagulu. Anzake anasiya kumuseka, n'kuyamba kumuyang'ana ngati wodwala amene adokotala amubweza kunyumba. Kuseka kuli bwino kuposa maso amenewo.

Lachitatu zinafika poipa. Mnyamata wachaka choyamba amene ankadikira jeziyo anaponya bwino pamaso pa onse, Kochi n'kumagwedeza mutu movomereza. Lamont anakhala m'galimoto yake kunja kwa bwalo, mvula ikuwaza, n'kuimbira foni azakhali.

"Ndikanyambita, adani akundiwerenga. Ndikaleka, sindikutha kuponya. Chimene bambo anandisiyira ndi chomwe chikundipha."

A Earline anafwenthera.

"Iwe mwana wa Roosevelt, bambo akowo unawadziwa kapena unangowaona? Mchimwene wanga ankanyambita zala potsegula Baibulo. Ankanyambita pogwira chiwongolero. Tsiku la ukwati wake ananyambita asanagwire dzanja la abusa, mayi athu manyazi anawagwira chaka chathunthu. Munthu uja ankanyambita pa chilichonse. Ndani anakuuza kuti iwe uzinyambita poponya pokha? Cholowa watenga theka, ndiye ukudandaula kuti chikuchepa."

Lamont anaseka koyamba mwezi umenewo, ndipo kusekako kunathera m'misozi.

Masiku otsalawo anawathera pa ntchito yochititsa manyazi kwambiri imene wampira anagwirapo. Ankawerama pamzere, kunyambita, kupereka kwa wothamanga. Kunyambita, kuponya. Kunyambita, kupereka. Thupi lozolowera linkaiwala, iye n'kuyambiranso. Anabwereza anzake atapita kukasamba, anabwereza m'chipinda chake ndi pilo. Lilime linalawa udzu, matope ndi thukuta la anthu ena. Wothamanga wake, Otha Beasley, anati, "Aise, mpira ukumandipatsawu ukumakhala wonyowa ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene." Lamont anati, "Ugwire basi, usambe kunyumba."

Loweruka linafika ndi mphepo yozizira. Theka la mipando linali lopanda anthu, ndipo amene anabwerawo anabwera ngati opita kukaona munthu akunyongedwa. Atatchula dzina la Gaddis, bwalo linakuwiza. Anyamata ena anakweza chinsalu chojambulidwa nthiti za nkhumba.

Lamont anawerama pamzere. Anakweza dzanja pang'onopang'ono, kuti ngakhale wakhungu aone, n'kunyambita zala.

Bwalo linabuula. Kumbuyo kwa adani mnyamata wina anakodola anzake, onse n'kubwerera m'mbuyo kukadikira mpira wam'mwamba.

Mpira sunakwere m'mwamba. Unalowa m'manja mwa Otha Beasley, amene anapeza pakati pali mbee ngati msewu wa Lamlungu m'mawa, n'kuthamanga mpaka anachita kutopa yekha.

Lamont anachitanso. Ananyambita, adani anabwerera, Otha anadutsa. Adani atapsa mtima anasiya kukhulupirira lilime, onse n'kukhamukira kutsogolo kukatseka Otha. Pamenepo Lamont ananyambitanso, n'kuponya pamwamba pa mitu yawo. Mnzake anauwakha ali yekhayekha kuseri kwa mzere wogoletsera.

Sindikunamizani kuti anasewera ngati mngelo. Mipira ina anaponya mopotoka. Anagwetsedwa koopsa mpaka nthiti yake yeniyeni inathetheka, ndipo anamaliza akupuma ngati matayala obooka. Koma tsiku lonselo mdani sanagwire mpira wake ngakhale umodzi. Timu inapambana movutikira, ndi kusiyana kochepa chabe. Chikho panalibe, chifukwa chaka chinali chitawonongeka kalekale.

M'chipinda chovalira Kochi Varnado anaima pafupi naye osamuyang'ana.

"Jeziyo uichape. Uifunanso chaka chamawa."

Lolemba masana, wailesi. Mukuganiza kuti Cleophus anapepesa? Ndiye kuti masapota simukuwadziwa.

"Achimwene oulutsa, tapambana mwamwayi. Koma mwana uja matenda akula. Kale ankanyambita mwa apo ndi apo, pano ndi nthawi zonse! Kodi kukoleji kumeneko khichini anatseka?"

Lamont sanapite ku mpira wa akatswiri. Mkono unali wabwino, koma mikono yabwino m'dziko muno ndi yambiri ngati milamba m'dziwe. Chimene anapeza ndi chimene chinali pachiswe: anamaliza sukulu. Lero ndi mphunzitsi pasekondale ya kwawo, ndipo masana amaphunzitsa ana mpira. Ku fakitale amangodutsa panja.

Tsiku lolandira digiri lisanafike anapita kukametetsa. Atalowa m'shopu, Cleophus anamuzindikira n'kumulozera pampando.

"Madala," anatero Lamont atakhala pampando, "ndabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chiyani?"

"Nthiti za nkhumba zija."

Cleophus anamuyang'ana pagalasi osamvetsa kalikonse. Kenako anati, "Weramitsa mutu. Ndipo m'shopu mwanga muno sitinyambita."

Mpaka lero bamboyo sadziwa kuti anaphunzitsa mwana wa Roosevelt Gaddis sukulu.

Tsono inu amene akukukuwizani, kaya kuntchito, kaya m'kalasi, kaya m'nyumba mwanu momwe, ndimvereni. Onyoza ambiri ndi phokoso chabe, ndipo sadzapepesa ngakhale mutawagulira nyumba. Musadikire kuti akuombereni m'manja. Koma akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo nthawi zina mnansiyo amakhala chitsiru chokhala ndi foni. Mwala umene wakugendani muutole, muuyang'ane pansi pake, kenako muutaye. Chimene makolo anakusiyirani musachitaye chifukwa anthu achiseka, mwina mwangochitenga theka.

Chikwama chija chibwezeni m'galimoto. Mtima usagwe, masewero sanathe. Nyowetsani zala, mugwirenso mpira.